Bronchiectasis: kuchotsa makhololo m'mapapo muli pakhomo

Pali anthu amene anamaliza mankhwala a TB, kuchipatala n'kuwauza kuti achira, koma chifuwa osatha ayi. M'mawa uliwonse ndi makhololo, nthawi zina achikasu kapena obiriwira. Ena mwa anthu oterewa amakhala ndi matenda otchedwa bronchiectasis. Timachubu todutsa mpweya m'mapapo timakhala titakula ndi kuwonongeka, ndiye makhololo amadikha mmenemo ngati madzi a pachithaphwi. Mabakiteriya monga Haemophilus influenzae ndi Pseudomonas aeruginosa amaswana, n'kumawonjezera kuwononga timachubu tija. Matendawa amaoneka bwino pa CT scan, ndipo sapatsirana ngati TB, choncho palibe chifukwa chomupatulira mbale wodwala.

Timachubu tikawonongeka sitibwerera mwakale. Chimene chimathandiza ndi kutulutsa makhololo tsiku ndi tsiku, kamodzi kapena kawiri, kwa mphindi 10 mpaka 30. Khalani pampando, pumani mofatsa mapewa ali omasuka. Kenako kokani mpweya wambiri katatu kapena kanayi, ndipo ulendo uliwonse muugwire masekondi atatu musanautulutse. Pumaninso mofatsa. Tsopano tsegulani pakamwa n'kutulutsa mpweya mwamphamvu kuti "haaa", monga mmene timauzirira pagalasi pofuna kulipukuta. Makhololo akafika pakhosi, ndiye mutsokomole. Kungotsokomola mwankhanza chiyambire kumangokutopetsani. Musachite izi mutangodya kumene, ndipo ngati mumavutika ndi chilungulira musagone chozondotsa mutu.

Pali tizipangizo touzira monga Flutter, Acapella ndi Aerobika timene timanjenjemeretsa mpweya kuti makhololo amasuke. Ena amapatsidwa madzi amchere a 3 mpaka 7 peresenti opumira pa nebulizer. Awa ndi a ku famase, osati osungunula nokha mchere wa kukhitchini, ndipo ulendo woyamba uyenera kuchitikira kuchipatala chifukwa ena amabanika nawo. Zipangizozi muzitsuke mukagwiritsa ntchito ndipo ziziuma bwinobwino, poti chinyontho chimasunga tizilombo.

Abale athu amene anagwira ntchito m'migodi ya golide ku Joni amve izi: fumbi la mumgodi limayambitsa silicosis, ndipo mapapo otero amagwidwa msanga ndi TB komanso tizilombo tofanana nayo totchedwa NTM. N'chifukwa chake dokotala amayamba wayeza makhololo asanakuikeni pa azithromycin wa nthawi yaitali. Kumwa maantibayotiki otsala a mnzanu kumangolimbitsa tizilombo.

Nyengo yozizira, mbaula kapena sitovu ya palafini m'chipinda chotseka ndi mdani wa mapapo, fodya ndiye osanena. Katemera wa fuluwenza mulandire kuzizira kusanayambe. Makhololo akachuluka kapena kusintha mtundu, thupi likatentha, kapena befu akakula, pitani kuchipatala osadikira tsiku la ofu; nthawi zambiri amapereka mankhwala a masiku 14. Mukatsokomola magazi ambiri, siyani zonse, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo.