Sukulu ya kudimba

Kwathu ku Lizulu ulimi wa kudimba sunali wa m'kalasi. Mwana ankayamba ndi kuthirira, ndowa pamutu kuchokera pachitsime cha m'dambo; khasu ankaligwira mochedwa. Agogo anga, amene anaona njala ya 1949, ankati feteleza ndi wa chimanga ndi fodya. Pa mpiru ndi anyezi ankathira ndowe zowolerana za m'khola, ndipo nsabwe za masamba ankaziwaza phulusa kapena madzi a ombwe wosinja.

Tsiku lina ndinazula mpungabwi, ndimayesa udzu. Agogo anandikoka khutu: "Iwe, udzudzu tiuthamangitsa ndi chiyani?"

Mapampu opalasa atabwera, ndowa tinazisiya. Koma mbewu ya bonongwe ndimaisungabe m'nsupa ya agogo.