Za Besi Wakale ndi Babatoni

Kale oyimba a ku Amereka anali ndi besi wamkuru ngati munthu, wobvuta kunyamula, ndi mau ace osamveka patali. Ndipo m'caka ca 1951 Leo Fender wa ku California anapanga gitala wa besi wa nsambo zinai, wochedwa Precision. M'caka ca 1952 anaonjezapo Bassman, bokosi la magetsi lokuza mau, popeza gitala wotere alibe liu pa yekha. Lero alipo anthu osonkhanitsa zakalezo, nazilinganiza: Precision liu lace nlolemera, Jazz Bass wa 1960 liu lace nlakuthwa.

Kwathu kuno magetsi anacedwa, koma anyamata sanalindira. A Daniel ndi a Donald Kachamba a ku Chileka anayimba ndi besi wa bokosi, wa nsambo imodzi. Ena anapanga babatoni wa mtengo, waya ndi cikopa, amene Madalitso Band ya ku Lilongwe inafika naye ku Ulaya.

Cifukwa cace, inu aphunzitsi ndi akuru a ku Mitundu ndi ku Nathenje, musalole ciswe ndi dzimbiri zidye zoyimbira zakale za makwaya athu. Lembani zaka zace ndi maina a oziyimba, ozidziwa asanatisiye. Pakuti gitala wosadziwika mbiri yace, ana adzamuyesa nkhuni.