Kuwotcherera

Mayi wa ku Kachulu amawotcha mlamba kapena chimanga. Mmisiri wa zitsulo iye amawotcherera. Tsinde la mawuwa ndi limodzi, koma mchira wa "-erera" wasintha ntchito ya moto: m'malo mopsereza, ukulumikiza chitsulo ku chinzake, monga felemu ya njinga yothyoka chifukwa cha mtolo wa matemba a m'nyanja ya Chilwa.

Amisiri ambiri amawotcherera ndi timalodi tokutidwa ufa kunja. Kulinso mtundu wina wa waya wamphako, ufa uli mkati, wofuna makina okankha wayayo okha ndi botolo la mpweya wa carbon dioxide wotchinga chitsulo chosungunukacho. Koma pabwalo mwera ukawomba, mpweyawo umamwazika, polumikizapo n'kutsala timabowo. Waya ameneyu amafuna malo otchingidwa.