Malata ndi ana a ku Area 25

Pamene likulu la dziko linkasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975, Area 25 inali itayamba kudzaza. Bungwe la Capital City Development Corporation linadula maploti kufupi ndi Kanengo kuti ogwira ntchito m'mafakitale ndi kumsika wa fodya adzimangire okha nyumba. Ana awo ndiwo tinkawaphunzitsa ife. Midadada ya sukulu inali ya njerwa zowotcha, pansi pa simenti, denga la malata lopanda siling'i, mawindo ambiri a timabowo m'malo mwa galasi. Ana akachepa, mumakhalika.

Zinasintha mu 1994, boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi kupulayimale. Ophunzira m'dziko muno anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Ndinakondwa nazo, ndipo ndikukondwabe. Koma chipinda choyenera ana 60 chinayamba kulandira oposa 100, otsala nkumaphunzira pansi pa mitengo, bolodi atayedzamitsa kuthunthu.

Amene sanaimepo m'kalasi ya sitandade 2 mu Okutobala sangadziwe. Pofika 11 koloko malata amathetheka, kutentha kumatsika ngati wina wakuvundikira ndi mphika. Ana akhala pansi mawondo atagundana, mpweya sukuyenda, choko chikumata m'zala. Kamtsikana kakulemba, thukuta nkudonthera pakope mpaka pensulo kung'amba pepala. Kumbuyo ena ayamba kale kusinza. Sikuti ndi ulesi ayi. Mwana amatentha thupi msanga kuposa wamkulu, ndipo ambiri amabwera m'mimba muli pululu, opanda ndi botolo la madzi lomwe. "Madamu, ndikamwe madzi," akatero mmodzi, manja makumi awiri ali m'mwamba.

Mu Juni ndi Julayi chipinda chomwecho chimasanduka china. Lilongwe ili pamtunda, mamita oposa 1,000, ndiye mphepo ya m'mawa imalowera m'timabowo tija nkupeza ana pasimenti yozizira, atabisa manja m'khwapa. Zala zouma sizigwira pensulo.

Ine ndimati a pansi pa mtengo wa kesha ankamva bwinoko m'chilimwe, ngakhale fumbi ndi mvula zinkawabalalitsa. Mitengo yambiri ija inatha, ina nkhuni, ina kupereka malo a midadada yatsopano. Kuyambira 2018 boma linaletsa njerwa zowotcha pa zomanga zikuluzikulu, ndipo makalasi atsopano akumangidwa ndi mabuloko a simenti. Makoma asintha, denga ndi lomwe lija. Pamisonkhano ya makomiti a sukulu timawerenga zipinda, madesiki ndi zimbudzi, koma za siling'i, khonde lotchinga dzuwa kapena mitengo ya mthunzi kumadzulo kwa mdadada zimatsalira kumapeto, ndalama zitatha.

Tsono chaka cha sukulu masiku ano chimayamba mu Seputembala. Mwana wa zaka 6 amene wangolowa kumene sitandade 1 amaphunzira zilembo zake zoyamba mu Okutobala ndi Novembala, miyezi yotentha kuposa yonse.