Kodi njerwa ndi utoto za m'magemu zinachokera kuti?

FUNSO: M'magemu a pa kompyuta khoma lina limaoneka la njerwa, lina longopakidwa mtundu umodzi. Luso limeneli linayamba liti, nanga pulogalamu imodzi imakwanitsa bwanji zonse ziwiri?

YANKHO: Zinthu za m'gemu zimamangidwa ndi tizidutswa ta makona atatu, ndipo patokha tilibe njerwa kapena udzu. Mu 1974 Ed Catmull, ali wophunzira pa yunivesite ya Utah ku America, anasonyeza njira yotengera chithunzi chafulati n'kuchiveka pa chinthu, monga munthu akulungira chitenje pa mtsuko. Chithunzi chotero amachitcha texture.

Kuveka kokha sikunakwanire. Mu 1984 Robert Cook wa ku kampani ya Lucasfilm anabwera ndi ganizo loti wojambula azilemba yekha malangizo a momwe chinthu chilichonse chizionekera kuwala kukachigwera. Apa ndi pamene panamera shader, kapulogalamu kowerengera mtundu wa kadontho kalikonse pa sikirini. Kampani ya Pixar inakhazikitsa lusoli mu pulogalamu yake ya RenderMan mu 1988, ndipo filimu ya Toy Story ya mu 1995 inapangidwa nalo. M'makompyuta a kunyumba linafika cha mu 2001, ndi GeForce 3, khadi yojambula zithunzi pa sikirini ya kampani ya Nvidia.

Nanga kusinthana kwa njerwa ndi utoto kuja? Njira yoonekeratu ndi kuika funso mkati mwa shader: ngati pali chithunzi, tenga mtundu pachithunzipo, ngati palibe, paka mtundu umodzi. Koma khadi siwerengera kadontho kamodzikamodzi. Makadi a Nvidia amatenga timadontho 32 pamodzi, ndipo tikasiyana mayankho, gulu lonse limadutsa njira zonse ziwiri. Nthawi imatayika. Makadi akale ndiye ankavutika nazo kwambiri.

Akatswiri anapeza njira yokoma zedi. Kwa kompyuta, mtundu ndi manambala atatu, ofiira, obiriwira ndi abuluu, iliyonse kuyambira 0 mpaka 1. Woyera ndi 1, 1, 1. Tsono shader imangochulukitsa mtundu wa pachithunzi ndi mtundu wosankhidwa, nthawi zonse, osafunsa kanthu. Pofuna njerwa, imapatsidwa chithunzi cha njerwa ndi mtundu woyera, ndipo njerwa zimatuluka momwe ziliri. Pofuna khoma lofiira, imapatsidwa kachithunzi koyera ka kadontho kamodzi kokha ndi mtundu wofiira. 1 kuchulukitsa ndi kufiira kumatsala kufiira.

Zithunzi zikachuluka, kusintha chimodzi ndi chinzake kumachedwetsanso gemu. N'chifukwa chake amazisonkhanitsa pa chithunzi chimodzi chachikulu chotchedwa atlas, kapena kuzisanjikiza mu texture array, yomwe inalowa mu 2008 mu OpenGL 3.0, njira yomwe mapulogalamu amayankhulira ndi khadi. Shader imangouzidwa malo kapena nambala ya chomwe ikufuna.

Catmull ndi Pat Hanrahan, yemwe anatsogolera ntchito yokonza RenderMan, analandira mphoto ya Turing ya chaka cha 2019 chifukwa cha ntchito yawo pa zojambula za pa kompyuta.