Si Chaja Idamwa Madzi a Kariba

M'nyumba zambiri za ku Ndola, kuyambira ku Kanini mpaka ku Chifubu ndi Masala, maunitsi akatha msanga mlandu umagwera achinyamata ndi mafoni awo. Makolo amalamula kuti chaja izulidwe pakhoma. Koma kuti tidziwe chimene chimadya magetsi, tiyenera kuyamba tafunsa kuti magetsiwo adabwerera ndani.

Sadabwerere nyumba. Adabwerera migodi. M'zaka za m'ma 1950 migodi ya mkuwa ya ku Nkana, Mufulira, Nchanga ndi Luanshya inkafuna mphamvu yochuluka yopopera madzi pansi pa nthaka ndi yosungunulira miyala. Mu 1956 magetsi adayamba kubwera kuchokera ku Congo, ndipo mu 1959 khoma la damu la Kariba lidatha kumangidwa pa mtsinje wa Zambezi. Atonga pafupifupi 57,000 adasamutsidwa m'midzi yawo kuti nyanjayo ipeze malo. Mawaya akuluakulu adakokedwa mpaka ku Kitwe, pomwe anthu ambiri m'makomboni ankaunikirabe koloboyi ndi kuphika pa mbaula.

Ufulu utabwera mu 1964, boma lidakhazikitsa ZESCO mu 1970, ndipo posakhalitsa Kafue Gorge idayamba kupanga magetsi. Pang'onopang'ono mawaya adalowa m'nyumba za anthu wamba, ndipo adabwera ndi sitovu, ayironi, firiji ndi giza. Ngakhale lero, migodi imatenga pafupifupi theka la magetsi a dziko lino.

Tsopano tiwerengere. Yuniti imodzi pa mita ndi mawati 1,000 ogwiritsidwa ntchito kwa ola lathunthu. Kudzaza batire ya foni kumatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 50 a yuniti. Ndiye kuti yuniti imodzi imachaja foni maulendo 50 kapena pamenepo. Chaja yosiyidwa pakhoma popanda foni siimaliza ngakhale theka la yuniti pamwezi. Koma mbale imodzi ya sitovu ya mawati 1,500 ikaphika nyemba kwa maola atatu, maunitsi anayi ndi theka apita, okwanira kuchaja foni tsiku lililonse kwa miyezi isanu ndi iwiri. Giza imakoka mawati 3,000, ketulo 2,000, ayironi 1,000 kapena kuposa. Lamulo lake n'losavuta: chilichonse chotenthetsa ndicho chimadya kwambiri. N'chifukwa chake babu yakale ya mawati 60, imene inkawotcha zala, idalowedwa m'malo ndi ya LED ya mawati 9 yowala chimodzimodzi.

Mu 2015, 2019 ndi 2024 mvula idachepa ndipo madzi a ku Kariba adatsika. Mu February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema adalengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko, ndipo chakumapeto kwa chakacho nyumba zambiri zinkaona magetsi kwa maola atatu okha patsiku. Pamenepo kusiyana kwa zipangizo kudaonekera poyera. Kasola kakang'ono ka padenga kankakwanitsa kuchaja mafoni a banja lonse ndi kuyatsa babu, koma sikakanatha kuphika nsima. Anthu adabwerera ku mbaula, ndipo matumba a malasha adachuluka m'misewu yolowa m'tauni. Mtengo wa kuphika udalipiridwa ndi nkhalango.

Chaka chomwecho kampani ya Copperbelt Energy Corporation idatsegula munda wa masola wa mamegawati 60 ku Itimpi, ku Kitwe. Ndi chiyambi chabwino, koma funso la mu 1959 lidakalipo: magetsi akachepa, ndani aziyamba kulandira, mgodi kapena khitchini?

Choncho maunitsi akatha mwezi usanathe, musayambe ndi kukangana za chaja. Zimitsani giza madzi akatentha, viikani nyemba usiku, sitani zovala zonse nthawi imodzi, ndipo muvundikire mphika. Foniyo igwiritseni ntchito kufunsa atsogoleri kumene magetsi a dziko akupita.