Masabata atatu ku Nkhotakota, achimwene asanapite ku Joni

Kwathu ku Nachisaka nyanja timangoimva. Kukacha bwino, ukakwera pachitunda, umaona kachinthu kotuwa cha kum'mawa, ndipo akuluakulu amati ndiyo nyanjayo. Ine ndinaiona pafupi koyamba mu Okutobala 2018, pamene banja lathu linatsikira ku Nkhotakota kukatsanzika.

Achimwene anga aakulu anali atapeza ntchito ku Johannesburg, ndipo amafuna kutenga alamu ndi ana awiri. Koma alamu kwawo ndi ku Nkhotakota, ndipo mukudziwa kale mwambo wathu: ana ndi akuchikazi. Sungangowanyamula kuwolotsa malire atsibweni awo osavomera. Tinapita ine, amayi, achimwene ndi banja lawo, poganiza kuti tikakhala masiku anayi. Mapepala aulendo anachedwa, atsibweni nawonso amangoti tikambirana mawa, mpaka anakwana masabata atatu.

Kutentha kwa chilimwe cha kunyanja n'kwina. Ife a kumapiri tinkagona pabwalo, thukuta lili kamukamu. Amayi anayesa kondowole tsiku loyamba n'kunena kuti nsima yokanirira m'manja chonchi ndi yofuna kuzolowera. Mpunga ndi usipa ndiye sankakana.

Nthawi imeneyo ndinali pasukulu ya ukachenjede, ndipo mbiri ya tauniyi ndinkaidziwa ya m'mabuku. Cha m'ma 1840 kunafika Mswahili wina, Salim bin Abdullah, napempha malo kwa mafumu a Chichewa a m'derali. Iye ndi omwe analowa m'malo mwake ankatchedwa Jumbe. Anamanga zombo zamatanga zowolotsa minyanga ndi anthu kupita tsidya la kum'mawa, komwe ulendo wapansi wa miyezi unkayambira kulowera ku Kilwa. Chisilamu ndi ulimi wa mpunga zinakhazikika kuno nthawi yomweyo. David Livingstone anafika mu 1861 ndi mu 1863, ndipo mtengo wa mkuyu womwe amati anakambirana ndi Jumbe patsinde pake ulipobe kumishoni. Malondawo sanathe ndi kukambiranako. Mu 1889 Harry Johnston anachita pangano ndi Jumbe wa nthawiyo, ndipo patangopita zaka zochepa Angerezi anachotsa Jumbe womaliza n'kumutumiza ku Zanzibar. A mishoni ya UMCA anakhazikika mu 1894. Bishopu Chauncy Maples, yemwe anamira m'nyanja mu 1895, anaikidwa m'tchalitchi cha All Saints pomwepo.

Zonsezi ndinkazinena ngati ndikuyankha mayeso. Tsiku lina madzulo ndinatenga amayi kukaona mkuyuwo, ndikuwafotokozera zaka ndi mayina. Anandisiya ndimalize, kenako anati: "Iwe, anthu omwe ankakwera zombozo ukuganiza ankachokera kuti?"

Ndinati kumtunda. Anati kumtunda kwake ndi kwathu.

Anandiuza zomwe agogo awo ankasimba. Masiku a nkhondo za Angoni, pamene anthu ankathawira m'mapiri a Ntchisi n'kumalephera kulima, m'banja mwathu munali mnyamata yemwe anaperekedwa chikole posinthana ndi chakudya. Ankati akakolola akamuwombola. Atapita ndi mbuzi anamva kuti anamutsitsira kale kunyanja. Dzina lake linaiwalika. Chomwe chinatsala ndi chizolowezi cha agogo aja chokana kudya nsomba za m'nyanja, chomwe ana ankangochiona ngati mwambo wopanda mutu.

Nkhaniyi siili m'buku lililonse, ndipo ndikuilemba monga momwe ndinaimvera. Koma inandisokoneza pa chinthu chimodzi. Kusukulu tinkaphunzira za ukapolo ngati nkhani ya alendo okhaokha: Aluya anabwera, anagwira anthu, azungu anabwera, analetsa. M'nkhani ya amayi, yemwe anapereka mwanayo anali malume ake enieni, mwinimbumba, munthu amene udindo wake unali kumuteteza. Anachita izi kuti ena onse asafe ndi njala. Jumbe sakanadzaza zombo popanda nkhondo, njala ndi mafumu a kumtunda ofuna nsalu ndi mfuti.

Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake atsibweni a alamu ankazengereza. Poyamba ndinkati akungofuna kutionetsa mphamvu. Koma madzulo ena anauza achimwene kuti: "Bambo, inu pitani, ndinu mwamuna. Koma anawa akakakula osadziwa kwawo, anthu adzafunsa ine."

Ndisanamizire kuti ulendo wa achimwene ukufanana ndi wa mnyamata uja. Achimwene anasankha okha, anagula tikiti ndi ndalama zawo. Komabe dziko lathu lakhala likutumiza anthu kunja kwa zaka zoposa 100, ndipo kusankha kwake nthawi zambiri kumakhala kwa munthu yemwe munda wamukanika. Msonkho wa nyumba wa atsamunda unathamangitsira amuna ku Salisbury ndi ku migodi ya Joni. Kenako kunabwera Wenela. Mu Epulo 1974 ndege yonyamula anthu ochokera ku migodi inagwa ku Francistown, n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu ntchito za kumigodi. Zinayambiranso mu 1977 pansi pa TEBA, n'kudzatha mu 1988. Kamuzu mwiniwakeyo anachoka wapansi ali mnyamata, n'kudzabwera mu 1958, patatha zaka zoposa 40. Chichewa chinachita kupeza mawu a anthu opita osabwerera: machona. M'mudzi mwathu mulibe banja lopanda mtchona wake.

Amayi mawu amenewa sanawatchule ngakhale kamodzi masabata onse atatu. Ankangodzuka m'mamawa kukasambitsa adzukulu kunyanja, kuwaphunzitsa mayina a azigogo awo mmodzimmodzi, ndi kuwafunsa mobwerezabwereza kuti kwanu ndi kuti. Wamng'onoyo ankayankha kuti ku Nachisaka ndi ku Nkhotakota, ndipo mbali zonse ziwiri zinkaseka mokhutira.

Mapeto ake atsibweni anavomera, koma anaika mfundo ziwiri: ana azibwera zaka ziwiri zilizonse, ndipo m'nyumba muziyankhulidwa Chichewa. Tinawaperekeza mpaka ku Lilongwe, komwe anakwera basi yodzera ku Dedza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge. Amayi anawapatsira thumba la mpunga ndi nsinjiro za kwathu.

Mfundo yoyamba inasweka msanga. Matenda a Covid-19 anatseka malire mu 2020, kenako ndalama zinavuta. Anabwera kamodzi kokha, mu Disembala 2022. Yachiwiri ikuyenda mwapakatikati: wamkulu amayankhula bwino, wamng'ono amamva koma amayankha m'Chingerezi chosakaniza ndi Chizulu. Lamlungu lililonse amayi amakwera pachulu cha kuseri kwa nyumba, pomwe netiweki imagwira, kudikira foni ya pa WhatsApp. Funso lawo loyamba silinasinthe, ndipo mwanayo amayankhabe mayina awiri aja, ngakhale kuti Nachisaka amaitchula mokhota.

Chaka chatha ndinabwerera ku Nkhotakota pa ntchito. Ndinapita kugombe komwe zombo zinkakocheza, n'kupeza amayi akuyanika usipa pa thandala, anyamata akusoka maukonde. Ndinagula usipa wa K2,000 kupita nawo kumudzi. Amayi anauphika ndi tomato, n'kundifunsa ngati atsibweni aja akadali ndi mphamvu, chifukwa pali nkhani yoti akakumbutse mkamwini wawo.